Owongola Misomali

Bambo a nyumba yapangodya sataya msomali wopindika. Amaugogoda pamwala mpaka uwongoke, n'kuuponya m'chitini. "Ogula misomali ndi alesi," amatero.

Akazi awo atapempha kashedi kosungiramo makala mvula isanayambe, bambowo anati mmisiri ngwodula. Anakamanga okha kuseri kwa nyumba, ndi malata akale komanso chuma cha m'chitini chija. Kanalimba ndithu, mpaka tsiku limene kunagwa mvula yamphepo. Denga linakatera kwa aneba, makala onse n'kunyowa.

"Amisiri athu," anafunsa mayiwo, "lero tiphikira misomali?"

Aneba pobweza dengalo anapeza bambowo atanyonyomala pamatope, akuzula misomali m'matabwa n'kumaiwongola.

"Mwaona, aneba?" anatero. "Sunataike ngakhale umodzi."