Chichewa chimene Fryson anaphunzitsa mwana wake

Mlongo wanga Fryson ndi munthu woti mawu amamuyabwa m'kamwa. Amakhala ku Woodbridge, kuno ku America, ndi mkazi wake Felistas, wa ku Lusaka, komanso mwana wawo Kondi, wa zaka zisanu. Amayendetsa galimoto yonyamula okalamba kupita nawo kuchipatala, ndipo okalambawo ndimawamvera chisoni, chifukwa munthu womangidwa lamba pampando alibe kothawira. Koma mukamufunsa ntchito yake, za galimotoyo satchula. Amakonza kolala n'kunena kuti iye ndi munthu wa makanema.

Ukatswiri umenewu anautenga ku Kawale, ku Lilongwe. Mayeso a Fomu 4 atamukana, anapeza malo m'kachisakasa ka malata akale kumene ankaonetsa mavidiyo. Makanema ake anali a nkhondo ndi zibakera, ochokera kunja, ndipo oonera sankamva chiyankhulo. Ndiye Fryson ankakhala pambali pa TV ndi maikolofoni, kumayankhulira aliyense wa m'kanemamo m'Chichewa: wabwino, chigawenga, mkazi wolira, ngakhale galu. Chingerezi chake panthawiyo chinali chongopemphera madzi akumwa, koma ankamasulira ndi Chitchaina chomwe, osaphethira. Anyamata a m'misewu ankamuombera m'manja. Kuwomba m'manja kumeneko kunamulowa m'mutu ndipo mpaka lero sikunatuluke.

Ine ndine Flossie, mlongo wake wamkulu, ndimakhala ku Gaithersburg. Bambo athu, a Kamwendo, anali akalipentala ku Ntcheu komanso mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale mwana wakhanda ankamuyankhula mwaulemu. M'kachisakasa ka Fryson sanapondemo phazi. Chaka chatha anayamba kudwala, matenda aja oti madokotala amangoti kapumuleni kunyumba. Tsiku lina pa foni anandiuza chinthu chimodzi chimene chinkawasowetsa mtendere. Kondi ndi mdzukulu amene anatenga dzina lawo, Kondwani, koma anali asanamvepo mawu ake n'kumva tanthauzo, chifukwa mwanayo ndi Chingerezi chokhachokha ndipo iwo sachimva.

"Ndisanapite," anatero, "ndimve mwanayo akundilonjera m'chiyankhulo chathu. China sindikupempha."

Ndinamuuza Fryson kuti azindibweretsera mwanayo Loweruka lililonse, ndimuphunzitse malonje ndi nyimbo ziwiri zitatu za kutchalitchi. Anandiseka.

"Achemwali, zimenezo ndi za Sande sukulu. Mwana amaphunzira akamasangalala. Ndisiyireni ine, Chichewa ndi ntchito yanga."

Sukulu yake inatsegulidwa pa sofa. Akaweruka, ankaika kanema wa mfuti, malupanga ndi nyumba zophulika, n'kutseka mawu onse, mwana pamwendo, rimoti pakamwa ngati maikolofoni. Kawale inabwerera m'nyumba ya ku Virginia. Munthu wa zaka makumi anayi, wa mimba yake, kumakuwa mawu a chigawenga mpaka aneba kugogoda pakhoma.

Felistas ndiye anayamba kudandaula. Amagwira ntchito yosamalira odwala, ndipo magazi enieni amawadziwa. Tsiku lina ndili komweko, analoza pa TV pamene panalembedwa kuti kanemayo si wa ana osakwana zaka 13.

"Ba Fryson, onani apo. Uyu mwana akali mung'ono. Alota voipa, auka alila. Sinifuna."

"Manambala amenewo ndi a ana a azungu," anayankha Fryson. "Ife tinakula tikuonera zimenezi, tinapenga?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisayankhe funso limenelo.

Musaganize kuti Fryson alibe malamulo. Ali nalo limodzi, ndipo amalisunga kuposa Malamulo Khumi. Kanema woipa kwa iye ndi wa zolaula. Asanaonetse mwana chilichonse, amayamba wathamangitsa kanema yense, maso ali tong'o, kufunafuna pamene mwamuna ndi mkazi ayandikizana milomo. Anthu akhoza kudulana makosi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, iye amangodutsitsa. Akapeza kuti palibe wapsopsona mnzake, amati kanemayo ndi woyera. Ndinaona ndi maso anga: mtsikana wa m'kanema atangogwira tsaya la mnyamata, Fryson anaphimba nkhope ya Kondi ndi chikhatho chake chonse. Posakhalitsa mnyamata yemweyo anabaya munthu pamimba, ndipo chikhathocho chinachoka msanga. "Taona, taona, usaphonye apa."

Chimene chinandinyansa kwambiri n'chakuti anthu anayamba kumukhulupirira. Pa gulu la pa foni la mpingo wathu, makolo ankamufunsa ngati kanema wakutiwakuti ndi woyenera ana. Anthu ophunzira, ena ogwira ntchito m'mabanki akuluakulu a mu Washington, oti akamagula mkaka amayamba awerenga zonse zolembedwa pa botolo. Pa nkhani ya ana awo ankadikira chigamulo cha Fryson, ndipo iye ankayankha ngati dokotala: "Ameneyo ali bwino, amangophana basi." Ena ankathokoza ndi timanja topemphera.

Kondi anayambadi kuyankhula Chichewa, zimenezo sindingakane. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, tikudya limodzi m'chipinda chapansi, Fryson anamuimika mwanayo pampando pamaso pa a Ishmael Gondwe, mkulu wa mpingo wathu.

"Kondi, tawayankhula amalume m'Chichewa."

Mwanayo anakwinya nkhope, kutulutsa kachifuwa, n'kunena ndi mawu okhuthala amene sanali ake: "Ukuthawira kuti, galu iwe? Lero ndikuswa mutu."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Amayi ena anapukuta misozi. Wina anajambula pa foni. A Gondwe anaseka nawo, kuseka kwa munthu amene wapondedwa chala pagulu. Anthu ankati mwana ameneyu Chichewa chake ndi chakumudzi chenicheni, pamene ana awo sadziwa ngakhale zikomo. Fryson anazungulira matebulo kulandira ulemu, mbale ya nkhuku ili m'manja. Felistas anatuluka kukakhala m'galimoto.

Ndinamupeza Fryson panja poimika magalimoto.

"Iwe, bambo akufuna moni. Akamva zimenezi?"

"Moni ndi nkhani yaing'ono, achemwali. Chovuta ndi lilime kumasuka, ndipo lamasuka. Simunamve mmene watchulira kuswa? Ngati wobadwira ku Kawale."

"Mwanayo akulota zoopsa. Mayi ake akuuza."

"Maloto saphetsa. Inuyo vuto lanu mwakhalitsa kuno, mwayamba kuganiza ngati azungu."

Ndinamuyang'ana mlongo wangayo, mafuta a nkhuku ali pachibwano, ndipo ndinamva manyazi kuti tinayamwa bere limodzi. Ndinamuuza kuti moniyo amuphunzitse sabata yomweyo. Anati mawa. Mawa wa Fryson ndimamudziwa bwino, ndi yemwe uja ankati adzabwereza mayeso a Fomu 4.

Kenaka msuweni wathu amene ankasamalira bambo ku Ntcheu anaimba foni. Anati asiya kudya, ndipo ngati pali choti tiwauze tisachedwe. Tinapangana kuti tiimbe foni ya kanema Loweruka m'mawa, kumudzi dzuwa lisanalowe. Ndinadzuka n'kuyendetsa mpaka ku Woodbridge mtima uli m'mwamba.

Ndinapeza mphunzitsi wamkulu uja atagwada pakalapeti, thukuta lili kamukamu, akuphunzitsa mwana zimene anali ndi chaka chathunthu choti amuphunzitse.

"Nena kuti: muli bwanji, agogo."

"Muli bwanji, agogo."

"Eya. Bwerezanso."

Kondi anabwereza bwinobwino, kangapo konse. Fryson anandiyang'ana monyada, ngati akuti mwaona. Felistas anamuveka mwanayo malaya oyera a kutchalitchi n'kumupesa. Tinakhala pa sofa tonse anayi, foni ili m'manja mwanga.

Nkhope ya bambo inaoneka pa foni. Anali atagona chagada, mutu atautsamiritsa pa pilo, masaya atalowa, akupuma movutikira pakamwa pali pululu. Msuweni wathu anawayandikizira foni. Maso awo anatifufuza mmodzimmodzi mpaka anaima pa mwanayo, ndipo anamwetulira.

"Ndi ameneyu Kondwani?" anafunsa motsitsa.

"Ndi yemweyu, bambo," anatero Fryson. "Akuyankhulani Chichewa chenicheni. Kondi, tiye."

Kondi anayang'anitsitsa pa foni. Moni uja anali wa m'mawa womwewo, sanakhazikike. Koma munthu wogona chagada, wopuma movutikira, wosatha kudzuka, ameneyo anali atamuona kambirimbiri ali pamwendo pa bambo ake, ndipo ankadziwa bwino zimene munthu amanena kwa wotero. Anatsika pa sofa, kuima chilili, kuloza foni ndi chala.

"Watha iwe. Pemphera msanga, nthawi yako yakwana."

Anatchula bwino liwu lililonse, osaphonya. Kenaka anatembenukira kwa bambo ake, nkhope ili ngwee, kudikira kuti amuyamikire.

Felistas anagwira pakamwa. Fryson anayesa kuseka, chiseko chinatuluka chouma.

"Ndi nthabwala, bambo. Ndi za m'kanema, ana a kuno amakonda… Kondi, nena zija, muli bwanji…"

"Ndamva," anatero bambo.

Anasonkhanitsa mpweya. Kumwetulira kuja kunali kutachoka. Sanakalipe, bambo athu sanali munthu wokalipa.

"Zoti nthawi yakwana, mwanayo sananame. Kupemphera ndikupemphera." Anapumanso. "Koma kunditchula kuti iwe? Chimwalirireni mayi anga, palibe amene ananditchulapo iwe."

Ndinayang'ana Fryson. Munthu amene anayankhulira zigawenga zonse za dziko lapansi, amene sanasowepo chonena chibadwire, anali atazolika, akutosa kalapeti ndi chala chakuphazi. Ndinadikira kuti apepese, kapena anene kuti wolakwa ndi iye osati mwana. Iye anangopitiriza kutosa kalapetiyo. Kondi anaona kuti palibe akuseka, anayamba kulira, ndipo anakabisa nkhope pa chitenje cha mayi ake. "Did I say it wrong, Mommy?" Felistas anangomusisita kumutu.

Imeneyo inali foni yomaliza imene tinayankhula ndi bambo. Msuweni wathu ananong'ona kuti atopa, tidule. Koma iwo anakweza dzanja pang'ono kuti tidikire, ndipo sanaitane Fryson, anaitana ine.

"Flossie, musamukalipire mwanayo, akulira. Muuzeni andilonjere m'Chingerezi momwemo. Chimenecho sindichimva."