Miyezi Imene Amayi Anasiya Mapiritsi

Shawelo ija inali yachikasu, ya ulusi wokhuthala umene amayi anagula pamsika wa Chamboli. Anayamba kuiluka mphepo ya Juni itangoyamba, mimba yawo isanaoneke kwenikweni. Ine ndinali giredi folo. Ntchito yanga inali kugwira mpukutu wa ulusi kuti usagubudukire ku mbaula.

Amayi ankamwa mapiritsi m'mawa uliwonse kuyambira ndili khanda. Pakhomo tinkangoti "mankhwala a amayi." Palibe anandiuzapo kuti anali a matenda a maganizo, ndipo sindinkafunsa, poti amayi amene ndinkawadziwa anali munthu wodekha, wogulitsa zovala zovalidwapo kale za salaula ndi woimba kwaya kutchalitchi.

Kenaka kunabwera azakhali, mlongo wawo wa atate, kuchokera ku Chipata. Ataona amayi akumeza piritsi anagwira pakamwa. "Mlamu, zimenezo mukumwa muli ndi pakati? Mwanayo adzabadwa mutu wosagwira." Anasimba za mwana wina wa kumudzi amene anafika msinkhu wa sukulu asanadziwe kutchula dzina lake. Atate, amene ankabwera kuchokera kumgodi ku Mindolo ali ofooka ndi kutopa, anangoti, "Za mimba amadziwa ndi azimayi." Lero sindinganene kuti azakhali anali oipa mtima. Ankaopa basi, koma mantha awowo anawasenzetsa munthu amene anali kale ndi ake.

Amayi anasiya mapiritsi osauza anesi a kukiliniki.

Poyamba ndinakondwa. Ankaseka kwambiri, ankandivinitsa pakhonde, ankaphika zitumbuwa popanda chifukwa. Koma m'mawa uliwonse ndinkapeza shawelo yatalikanso, maso awo ali ofiira, bedi lawo losagonedwa. Inapitirira msinkhu wa khanda, inapitirira wanga, mpaka inayamba kukwekwereka pansi. Mawu awo ankathamanga, Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi pamodzi, osadikira yankho. Zovala zogulitsa anazigawa kwa odutsa. Ana a mumzere wa nyumba zathu anayamba kundikuwiza m'Chibemba kuti mayi anga apenga. Aphunzitsi atandifunsa chifukwa chimene ndinkasinzira m'kalasi, ndinangoyang'ana pansi.

Masana ena mphepo inabweretsa senta, utsi uja wa kosungunulira mkuwa umene umakanda pakhosi ndi kuwawitsa maso. Tinauzolowera, tinkangotsokomola n'kupitiriza masewera. Koma amayi anati utsiwo watumidwa kudzatenga mwana wawo. Azakhali anali atapita kumsika. Amayi anandikokera m'nyumba, nalowetsa mbaula ya moto chifukwa kunkazizira, nakhoma chitseko. Anatseka mazenera ndi zitenje, ndipo shawelo ija anaiphatika pansi pa chitseko. Tinakhala pansi, atandikumbatira, akupemphera korona mofulumira. Ndikukumbuka malasha akuyaka mofiira mumdima, mutu ukundigunda, miyendo italemera ngati si yanga. Ndinasanza pachitenje chawo, iwo osaleka kupemphera.

Anatipulumutsa ndi amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene ankakhala ku Kamitondo. Mayi woyandikana nafe anawatumira uthenga atagogoda osayankhidwa. Amalume anathyola chitseko ndi phewa, naponya mbaula panja, natigoneka pabwalo. Atate atafika, chipewa cha kumgodi chili m'manja, amalume sanakuwe. Anangoti, "Alamu, mumafuna kuika maliro angati lero?"

Amayi anawagoneka kuchipatala ku Ndola. Azakhali anatsala kundiphikira. Amalume atabwerako anatifotokozera zimene dokotala ananena, ndipo mawuwo anawabwereza kawirikawiri moti ndinawaloweza: mankhwala ena angamuvulazedi mwana wosabadwa, ena ndi abwinoko, koma matenda osiyidwa nawonso amavulaza mayi ndi mwana yemwe. Amayi akanapita kukafunsa, a kuchipatala akanawasinthira mankhwalawo kapena kuwachepetsera. "Sanatilonjeze chilichonse," anatero amalume. "Wangoti tisankhe ngozi yaing'ono."

Mlongo wanga, mwana wamwamuna, anabadwa mvula yoyamba itagwa. Anali wathunthu, wolira mwamphamvu. Koma anachedwa kulankhula, ndipo kusukulu kuwerenga kunamuvuta. Azakhali mpaka imfa yawo ankati ndi mapiritsi. Amalume ankati ndi miyezi yopanda mapiritsi ija, ndi utsi wa mbaula. Nditakula n'kukhala ndi pakati panga ndinafunsa dokotala wina, nayenso anati palibe angaloze chala motsimikiza, poti ana ena amachedwa popanda chilichonse cha izi. Lero mlongo wangayo amakonza maminibasi, ali ndi mkazi ndi ana, ndipo amalankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza liwu lililonse. Amayi akamamumvetsera, nkhope yawo imakhala ya munthu wodikira chigamulo.

Koma zimenezo ndi za pambuyo pake. Chimene chimandibwerera kwambiri ndi masabata aja amayi atatuluka m'chipatala, mimba itakula, fumbi la Okutobala lili thoo pamalata. M'mawa atate asanapite kuntchito ankawapatsa piritsi latsopano ndi kapu ya madzi. Amayi ankaliyang'ana nthawi yaitali, dzanja lina lili pamimba. Akameza, misozi inkatsika yokha, milomo ikunong'ona kuti, "Undikhululukire, mwanawe."

Ine ndinkaganiza kuti akulira chifukwa piritsilo linali lowawa. Ndiye tsiku lililonse ndinkathamangira kukhitchini n'kubwera ndi shuga pa kasupuni. Amayi ankanyambita, n'kunena kuti, "Zikomo, mwanangu, zatha." Ndipo ndinkanyamula chikwama changa kupita kusukulu ndili wonyada, ndikukhulupirira kuti ndawachiritsa.