Dzenje la Yotamu

Ndinachoka ku Vubwi chaka chimene thonje lathu linaolera pakhonde chifukwa lole ya ogula inalephera kukwera phiri. Ndinalumbira kuti sindidzakalambira kumalo kumene mvula ndi imene imalamula ulendo wa munthu. Amayi ndinawasiya ndi mng'ono wanga Yotamu, pamodzi ndi ng'ombe ziwiri za malemu bambo.

Ku Lusaka ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri ndikuyendetsa takisi ya munthu, kugona m'kachipinda ka kukomboni, kudwala malungo popanda wondipatsa madzi. Kunena zoona, kumudzi ndinkatumiza moni wambiri kuposa ndalama. Yotamu sankadandaula. Ankangoti, "Msewu ukutidyetsa, achimwene." Ine chitsiru ndinkayesa akugulitsa nthochi.

Mvula ili pakati anandiimbira. "Amayi agwa, mbali imodzi yauma. Akufunika chipatala chachikulu." Ndinamuuza kuti ndipeza basi mkuja, koma bwana wanga, mwini takisi, anandibwereka galimoto, ndipo ndinanyamuka m'mamawa. Foni ya Yotamu sinkalowanso. Kwathu netiweki timaifuna pachulu.

Pa msewu wa tala ndinauluka mpaka Katete. Nditakhotera ku Chadiza ndinayang'ana mapu a pafoni, kamtunda kotsala kanali kochepa. Koma foni sidziwa matope. Kupitirira Chadiza ndinkakwawa, pansi pa galimoto pakukhula miyala, mitsinje ikuyenda pamwamba pa milatho. Pa dambo lomaliza, phiri lakwathu ndikuliona, galimoto inangoti phwa! m'dzenje la matope mpaka m'zitseko.

Panatulukira mwamuna wina wachilendo kwa ine, fodya pakamwa. "Ng'ombe zilipo, bwana, koma zili kutali," anatero, natchula mtengo woti ungagule mbuzi. Ndinamulalatira m'Chinyanja cha m'tauni, ndinamutcha wakuba. Ndinati mayi anga akudwala. Anaseka. "Aliyense womira pano amakhala ndi mayi wodwala." Ananyamuka mosathamanga.

Sindinamuuze kuti ndine mwana wa yani, ndipo ichi chimandidya mpaka lero. Ndinkafuna ndilowe m'mudzi modzidzimutsa, anthu aone kuti wa ku Lusaka wafika ndi galimoto. Kuyenda wapansi ndikanatha, koma amayi ndikanawanyamulira pa chiyani? Ndili chidikirire ndinaona kuti m'mbali mwa dzenjelo munali zipsera za khasu, ndi kangalande kobweretsa madzi a m'dambo mumsewu.

Patatha maola atatu ng'ombe zinatuluka kuseri kwa chitsamba, pafupi pomwepo. Ndinayamba kuzindikira ng'ombezo, kenako woziyendetsa.

"Achimwene! Si munati mkuja?"

"Dzenjeli wakumba ndiwe?"

"Ndimafuna ndalama ya thiransipoti ya amayi," anatero Yotamu, maso ali pa goli. "Titaona galimoto ya m'tauni tinati mwini wake ayambe wafewa."

Anandikoka, ndipo tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka. Akazi anali atayamba kale kulira. Azakhali anati amayi atsirizika posachedwa pomwe, thupi linali lisanazizire.

Ndinayembekeza kuti wina amudzudzula Yotamu. Palibe. Dzenje lija linali munda wa mudzi wonse: ena ankakumba, ena ankalondera, ena ankagulitsa chimanga chootcha kwa omira. Azakhali anandiuza m'maso muli gwa kuti sopo ndi mankhwala a amayi zaka zonsezi zinkachokera m'matope amenewo, osati ku Lusaka.

Tsiku la maliro amuna anadzaza dzenjelo ndi miyala kuti lole ya a kwaya idutse bwino. Ndinaganiza kuti mwina manyazi awagwira.

Patapita masiku anayi ndinanyamuka kukabweza galimoto ya eni. Nditafika pa dambo ndinapeza miyala yonse yachotsedwa, yaunjikidwa bwinobwino pambali kudikira maliro ena. Yotamu anali ataima poyera, ng'ombe zili kale m'goli.

"Lowani, achimwene, ndikukokani," anatero. "Inu ndinu mbale, sitikubisalirani."