Dzino la Telala

Telala wa pakona pa msewu wathu anakhala zaka zambiri akuseka ataphimba pakamwa. Dzino lake lakutsogolo linabenthuka tsiku lomwe mwamuna wake anamukankhira pachitseko, ndipo pang'onopang'ono linada bii.

Banja litatha, mayiyu anapita kwa dokotala wa mano. Dokotalayo analipala pang'ono dzinolo n'kulimata kachikutiro koyera, kopyapyala ngati chikhadabo. Anamuletsa kudula ulusi ndi mano, ndiye sizasi anaimangirira m'khosi ndi kansalu kofiira.

Achimwene ake atabwera kudzapinditsa thalauzi, anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Achemwali, msinkhu wanu uno mukufuna kukopa ndani? Anthu akuyankhulatu kunjaku."

Telala anaimitsa makina.

"Achimwene, tsiku lomwe ndinabwera kwanu magazi ali chuchuchu, munati banja ndi kupirira. Simunafunse kuti anthu anena chiyani. Lero ndakonza dzino langa, ndiye pakamwa panu patseguka?"



"Kwerani pampandopo ndikuyezeni," anatero telala. "Ndipo mawa ndikukajambulitsa chithunzi chachikulu. Ndidzachipachika pakhomo pompano, oyankhulawo asamavutike kusuzumira."