Mfuti ya Ababa ndi Mafuta a Mbuzi

Ababa anandisiyira chinthu chimodzi chokha chogwirika m'manja: mfuti yophera mbalame, ya mpweya, ija yothyola pakati. Si ya wonga ayi. Mkati mwake muli sipuling'i ndi pisitoni. Ukaithyola pabondo sipuling'i imafinyika, ukawomba imakankha mpweya, mpweyawo n'kutulutsa kachipolopolo ka mtovu. Anawapatsa ndi mzungu wina amene ankamugwirira ntchito ya ulonda konkuno ku Chileka, tsiku limene ankabwerera kwawo.

Atamwalira ababa, mfutiyo inakhala zaka zambiri pamwamba pa wadiropu, ili m'thumba la feteleza. Ine masiku amenewo ndinkanyamula katundu wa anthu pa bwalo la ndege, mpata ndinalibe. Nditapuma pa ntchito m'pamene ndinaitsitsa. Inali dzimbiri lokhalokha, thabwa lake chiswe chitalawako kumapeto.

Ndinaimasulira pakhonde, pang'onopang'ono, masikuluwu ndikuika m'mbale yakale kuti asatayike. Kutsogolo kwa pisitoni ndinapezako kachikopa kozungulira, kakang'ono ngati chotsekera botolo. Kachikopa kameneko ndi kamene kamatseka mpweya kuti usathawire kumbuyo. Popanda iko, mfuti ndi ndodo basi. Nditakatembenuza ndinaona timizere tiwiri, tija timakhala m'mphepete mwa lamba, ndipo manja anga anangoima. Ndinakumbukira m'mawa wina ndili mwana, ababa akudula lamba wawo yemwe anali mmodzi yekhayo ndi lezala, kenako n'kupita ku ntchito buluku litamangidwa ndi chingwe cha khonje. Amayi anakalipa tsiku lonse.

Sindinakasinthe. Kanali kouma gwa, koma kosang'ambika. Ndinakanyika m'mafuta ofewetsera zikopa, m'mawa uliwonse ndikumakafinya ndi zala, mpaka kanafewa. Sipuling'i inali itatopa, choncho mnzanga woyendetsa thiraki anandibweretsera ina kuchokera ku Joni. Paipi ndinaipala ndi sandipepa wosalala, thabwa ndinalipala n'kulipaka vanishi. Girisi ndinapaka wa kunsonga kwa chala chabe, kumbuyo kwa pisitoni, chifukwa mfuti zotere zimadana ndi mafuta ambiri. Tsiku limene inawomba koyamba, chitini chimene ndinaika pa chitsa kuseri kwa nyumba chinagwa, ine n'kukhala pansi misozi ili chuchuchu. Mkazi wanga anathamanga kuchoka kukhitchini, ankayesa ndadziwombera phazi.

Ndiye kunatulukira alamu anga a ku Lirangwe, amuna awo a achemwali anga aakulu. Alamu angawa ndi aja odziwa chilichonse: matenda a ng'ombe, ndale, ngakhale injini ya ndege imene sanakwerepo. Anati njiwa ndi mpheta zikuwathera mapira m'munda, ndiwabwereke mfuti. Ndinakana. Asanafike n'komwe kwawo, achemwali anaimba foni.

"Achimwene, mfutiyo ndi ya ababa athu tonse. Kapena munabadwa nokha?"

Kwathu kuno katundu wa malemu sum'mana mlongo wako, ungayalukire pa maliro aliwonse a pamtundu. Loweruka lotsatira alamu anabweranso, ine n'kupereka, mtima ukukana. Ndinawalangiza zinthu ziwiri, mobwerezabwereza ngati ndikuphunzitsa mwana wa sitandade wani.

"Alamu, musathiremo mafuta a mtundu uliwonse. Chachiwiri, musaiwombe mulibe chipolopolo. Pisitoni imakamenya chitsulo, chikopa chimaphwanyika."

"Aaa, alamu," anatero akuseka, "ife tinagwirapo mfuti zenizeni, osati kachidole aka."

Patatha masabata atatu ndinakwera minibasi kukaitenga. Ndinatsikira pa msika wa Lirangwe n'kukwera kabaza mpaka kwawo. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anzawo awiri, mfuti atayedzeka pa mpando.

"Mwafika bwino, alamu," anatero, chifuwa chili patsogolo. "Mfuti yanuyi inali yodwala, koma taichiritsa."

Fungo linandipeza ndisanaigwire. Koma abale! Ngati khoswe wofera kudenga mwezi wa Okutobala. Ntchentche zobiriwira zija zinali lakalaka pa paipi, ndipo pa thabwa langa lavanishi anali atamangapo kansanza kofiira konona mafuta.

Anandifotokozera okha, monyadira. Sabata yonse yoyamba sanaphe ngakhale mpheta imodzi. Ine chifukwa chake ndimachidziwa: mfuti ya sipuling'i imafuna kuigwira mofewa, uilole igwedezeke yokha m'manja. Iwo ankaipana paphewa ngati akugwira mbuzi yoti aiphe. Koma munthu wodziwa zonse saphonya, ndiye anzawowo anawauza kuti mfuti ikamaphonya ndiye kuti munthu wamkazi waidumpha. Atafunsa m'nyumba, achemwali anavomera kuti tsiku lina akusesa anaipeza pansi, n'kuidumpha. Mayi wamkulu wa zidzukulu anakalipiridwa ngati mwana, chifukwa cha mfuti ya bambo ake omubereka imene mwamuna wake anaisiya pansi.

Kenako anainyamula pa njinga kupita nayo kwa mkulu wina wa mankhwala cha ku Mdeka kuti akaisambitse. Mkuluyo anasungunula mafuta a mbuzi, anasakaniza ndi magazi a nkhuku ndi mizu yosinja, n'kuthira pa kabowo kotulukira mpweya mpaka munadzaza. Anawalamulanso kuti m'mawa uliwonse aziiwomba yopanda chipolopolo, ataloza kum'mawa, kuti tsoka lituluke. Zinthu ziwiri zomwe zija ndinaletsa, zonse anachita, tsiku ndi tsiku.

"Tamverani mmene ikulirira tsopano!"

Ndisanatambasule dzanja alamu anali ataithyola kale n'kuiwomba. Phaa! Nkhuku zinabalalika, utsi wakuda unatuluka kukamwa kwa paipi, fungo la nyama yowola yopserera linandilowa mpaka kukhosi. Anzawo aja anawomba m'manja. Iwo ankati mfuti yadzuka, ikulira ngati ya asilikali. Sankadziwa kuti amenewo ndi mafuta akuyaka mkati chifukwa cha mpweya wopanikizika, ndipo chimene chikupsa pamodzi nawo ndi chikopa.

"Chiisambitsireni mwapha njiwa zingati?" ndinafunsa.

"Kupha sitinaphe, koma zikuthawa."

"Alamu, mutu wanuwu ntchito yake ndi kunyamula chipewa basi?"

Ndikudziwa kuti mlamu wamkulu salankhulidwa choncho pamaso pa anzake, koma mpaka lero sindinapepese, ndipo sindikuganiza zopepesa. Achemwali anali ataima pakhomo, mutu uli pansi. Analankhula motsitsa mawu.

"Musawakalipire, achimwene. Wolakwa ndine, ndinaidumpha."

Mawu amenewo anandinyansa kuposa fungo lija. Ankakhulupiriradi. Ndinamasula kansanza kaja n'kukataya pa mapazi a alamu, ndinakulunga mfuti m'thumba, n'kunyamuka osamwa ndi madzi omwe.

Mu minibasi anthu anagwira mphuno. Mayi wina anatsegula windo n'kulavula, ndipo kondakitala anandifunsa ngati ndanyamula galu wakufa. Ndinangoyang'ana kunja.

Kunyumba mkazi wanga anakana kuti ilowe ngakhale pakhonde, choncho ndinakaimasulira kuseri, pafupi ndi chitsa chija. Nditachotsa thabwa, mumpata wa pansi pa chitsulo munali mphutsi, zoyera, zonenepa, zikuyendayenda m'mafuta. Ndinasanza pomwepo. Nditapukuta kukamwa ndinapitiriza, chifukwa mtima wanga unali pa chinthu chimodzi. Sipuling'i inali itathyoka pawiri, koma sindinadandaule nayo, ina ndikhoza kuipeza. Ndinasolola pisitoni pang'onopang'ono, ndikupemphera chamumtima.

Kachikopa ka ababa kanatuluka m'zidutswa zitatu, zakuda bii, zopserera m'mphepete, zomata ndi mafuta a mbuzi. Pa chidutswa chimodzi timizere ta lamba tija tinkaonekabe. Ndinaziika pa nyuzipepala. Ndinati m'mfuti sizingabwererenso, koma ndizitsuka, ndiziumitsa, ndizisunga m'kabotolo. Ndinalowa kukhitchini kukatenga madzi otentha ndi sopo.

Potuluka ndinapeza thadzi lathu lofiira lili pa nyuzipepala, likumeza chidutswa chachiwiri. Chachitatu linathawa nacho kukamwa. Ndinataya beseni n'kuliyamba liwiro, munthu wa imvi ine, kuzungulira nyumba, kudutsa pa bafa, mpaka pa mpanda wa aneba. Linaima, linatambasula khosi, n'kumeza ndikuona.

Ndinatsuka mfutiyo ndi palafini masiku angapo fungo lisanathe. Mnzanga uja anandibweretseranso sipuling'i. Chikopa chatsopano ndinadula pa lamba wanga, ndi lezala, monga ndinaonera ababa akuchita. Ikuwomba bwino tsopano, chitini chimagwa nthawi zonse, koma ndikaiwomba sindimva kanthu mumtima. Yangokhala mfuti ngati mfuti ina iliyonse. Achemwali ndimawaimbira foni, za mfuti sititchula. Ndinayesa kamodzi kuwauza kuti kuidumpha kwawo sikunalakwitse kanthu, iwo anangoti, "Chabwino, achimwene," mwa mawu a munthu wosafuna mkangano.

Thadzi lija mkazi wanga analipha pa Khirisimasi, ana atabwera kuchokera m'tauni. Onse anati linali lonona kwambiri. Ine ndinadyera masamba.