Bowo Lachikasu Kumbuyo kwa Monita

Kuseri kwa msika wa pa boma ku Chadiza kunali kakhonde komwe atate ankakonzerako mawailesi. Mpaka lero ndimakumbukira fungo la pamenepo, la mtovu wosungunuka ndi fumbi lopserera la m'mawailesi akale. Anthu ankachokera ku Mlolo ndi ku Zingalume, wailesi ataimangirira pa kaliyala ndi mphira, kudzafuna a Mbewe. Atate sukulu anailekezera giredi folo, koma wailesi imene yakanika kwina konse inkalankhula m'manja mwawo. Ine Misozi, mwana wawo woyamba, ndinakulira pakhondepo. Pomwe ndinkafika giredi naini maso awo anali atayamba kuvutika ndi tinthu ting'onoting'ono, ndiye chitsulo chowotcherera ndinkagwira ndine, iwo n'kumandilozera.

Nkhani iyi imandipsetsabe mtima, ndipo chimene chinaiputa ndi pakamwa pangapa.

Kusukulu kwathu kunabwera kompyuta imodzi, mphatso yochokera kwa anthu ena akunja. Inafika ili yokalamba kale. Bokosi lake linayaka masiku awiri okha n'kufa, n'kutsala monita, chimutu chachikulu chotuwa. Kupatula chingwe cha magetsi, inali ndi chingwe chimodzi chokha cha timano, choti sichikanalowa pena paliponse koma m'bokosi lakufalo. A Deputi, achiwiri kwa ahedi, anaikhazika pa kabati mu ofesi mwawo n'kuifunditsa chitenje chatsopano. Inakhala pamenepo zaka ziwiri ngati namwali wa m'tsimba. Lachisanu lililonse mwana mmodzi ankatumidwa kukaipukuta fumbi n'kuifunditsanso. Pasukulu pathu chinthu chikakhala chabwino chinali cha alendo. Makapu agalasi anali a alendo, mpira wachikopa unali wa alendo, ife tikumenya wamapepala mpaka zala kusupuka.

A Madamu Sakala, aphunzitsi athu a sayansi, anali achitsikana, atangochoka ku koleji. Anali ndi matepi atatu a vidiyo a maphunziro, ndi deki yoseweretsera matepiwo, yobwereka kwa achimwene awo, koma poonetsera panalibe. Mtima wa munthu ankatijambulira pa bolodi ndi choko, n'kumaoneka ngati papaya. Tsiku lina anadandaula kuti tikanakhala ndi TV tikanaona magazi akuyenda ndi maso athu. Ine dzanja m'mwamba.

"Madamu, atate angathe kulumikiza monita ija ku deki."

Atatewo ndinali ndisanawafunse n'komwe.

Ahedi anali atagonekedwa kuchipatala ku Chipata, a Deputi atapita kumaliro ku Pembamoyo, ndipo kiyi wa ofesi anali ndi a Madamu. Lachisanu madzulo monita inakwera wilibala, chitenje chake chili chomwecho, mpaka pakhonde la atate. Iwo ataiona anapukusa mutu. "Za boma izi, Nambewe," anatero. Koma a Madamu anawachonderera, ndipo ine ndinkawadziwa atate. Chinthu chimene sanachitsegulepo sichinkawapatsa mtendere.

Loweruka lonse tinathera pamenepo. Atachotsa chivundikiro anandikankhira kumbuyo, n'kumanga waya pa sikuludalaiva, n'kuilowetsa pansi pa kamphira kamene kali pamsana pa galasi. Kunamveka kuti thwa, ine n'kudumpha. Anati mmenemo mumatsalira magetsi oti angakugwetse ngakhale chinthucho chazima. Kenako anayamba kulondola timizere ta pa bolodi ndi nsonga ya pensulo, kufuna pamene chithunzi chimalowera. Anatenga kasoketi kachikasu pa deki ina yakufa, ndi swichi ya wailesi yakale. Bowo anaboola ndi msomali wamoto, pulasitiki ikununkha khonde lonse. Mawaya atatu olumikiza zimenezi ndinawotcherera ndine, iwo akundipumira m'khosi. Anandiuza kuti sitikuchotsa kanthu, tikungoonjezera khomo lachiwiri. Ukakankhira swichi uku imamvera deki, ukakankhira uko imadikira bokosi lake ngati kale.

Titayatsa, chithunzi chinayamba kugubuduzika kuchoka pansi kupita m'mwamba. Atate anapotokola kasikulu kena pang'onopang'ono mpaka chinaima. Chinali chobiriwira. Monitayo sinkadziwa mtundu wina, ndiye adokotala a m'tepimo anatuluka ngati bilimankhwe atavala magalasi. Mawu tinawadutsitsa mu wailesi. Atate anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana amayi ogulitsa tomato pafupi kuti adzaone. Sindinawaonepo akusangalala chotero.

Lolemba kalasi lonse linaona mtima wa munthu ukugunda. Tinali ana oposa mipando, ena atakhala pansi, a makalasi ena atapanikizana m'mawindo, koma munali zii. Kwa masiku anayi ndinkayenda ngati sukulu ndi yanga. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

A Deputi anabwera Lachisanu, n'kupeza kalata yoti eni mphatso aja akubwera sabata yotsatira kudzaona mmene tikuisamalira. Atapeza pa kabati palibe kanthu, anatulukira m'kalasi mwathu tepi ili mkati. Chithunzicho sanachiyang'ane. Anazungulira kumbuyo, n'kuona kasoketi kachikasu, n'kuzula pulagi. Atafunsa kuti wachita izi ndani, a Madamu anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndi mwanayu amene anati atate ake amadziwa." Sananame ayi, koma za kiyi sanatchule. Lero ndimamvetsa kuti ankaopa ntchito yawo, inali isanakhazikike. Kumvetsako sikunandichotse mkwiyo.

Mu ofesi a Deputi anandiuza mwachidule. Atate abwere Lolemba adzabwezeretse monita mwakale n'kupepesa pamaso pa sukulu yonse, apo ayi dzina langa lichotsedwa pa mayeso a giredi naini. Mayesowo anali atatsala masabata ochepa. Tsopano ndikudziwa kuti munthu uja analibe mphamvu yochotsa dzina langa, anangotiopseza. Koma atate akanadziwira kuti? Kwa iwo mawu otuluka mu ofesi anali lamulo. Nditawauza anapempha amayi kuti awasitire jekete yawo ya kutchalitchi.

Lolemba m'mawa tebulo linatulutsidwa pabwalo la asembule, monita pamwamba, msana wake utalozetsedwa kwa ana. Atate anaima pambali, chikwama cha zipangizo m'manja. Dzuwa linali litayamba kale kuwotcha.

"Taonani, ana inu," anatero a Deputi. "Katundu wochokera kunja, munthu akumuboola ndi msomali wamoto ngati mpini wa khasu."

Ana anaseka. Anzanga omwewo amene ankapanikizana m'mawindo, anaseka.

"Bwana, sindinachotse kanthu," atate anayankha motsitsa mawu. "Mukakankha apa imabwerera mwakale. Mutalola ndikuonetseni."

"Munaphunzira kuti zimenezi, a Mbewe? Pepala lanu lili kuti?"

Atate anatsegula chivundikiro, n'kutenga pulayala, n'kudula mawaya atatu aja limodzilimodzi. Ine ndinali mu mzere wachiwiri ndipo ndinamva kulira kwa pulayala katatu konse. Kasoketi ndi swichi anaziika m'thumba la jekete. Bowolo analitseka ndi kachidutswa ka chidebe chotuwa komwe anadula kunyumba, ndipo ngakhale pamanyazi otere anakaika bwinobwino, poti iwo sankadziwa kugwira ntchito yosalongosoka. Atamaliza anavula chipewa, n'kupinda maondo pang'ono, n'kuwomba m'manja kwa munthu wocheperapo msinkhu kwa iwo.

"Ndalakwa, bwana. Ndine munthu wosaphunzira, ndinagwira zinthu zosayenera ine. Mwanayu mulekeni alembe."

Ndinkafuna kukuwa kuti ndi bodza, kuti pabwalo lonselo panalibe wina wodziwa za m'kati mwa chinthucho koma iwo. Pakamwa paja, pamene panafulumira m'kalasi, tsiku limenelo panatsekeka. Ndinangoluma mlomo mpaka kumva mchere. A Deputi ndinawada, a Madamu ndinawada, koma amene ndinamuda kwambiri ndi ine.

Alendo anabwera Lachinayi. Tinawaimbira nyimbo padzuwa, anamwa madzi m'makapu agalasi, kenako analowa mu ofesi. Chitenje chinavundukulidwa, a Deputi anaima pambali pa galasi lakuda akumwetulira, n'kujambulidwa. Palibe mlendo amene anazungulira kumbuyo. Palibe amene anati tayatsani tione. Galimoto itanyamuka monita inafunditsidwanso, ndipo matepi awiri otsalawo sitinawaonere.

Mayeso ndinalemba ndipo ndinakhoza. Atate nkhaniyi sanaitchulenso, koma pakhonde paja zinthu zinasintha. Munthu akabwera ndi deki kapena TV, ankamuuza kuti apite nayo ku Chipata kwa ophunzira. Anatsala ndi mawailesi okha, ndipo mawailesiwo anayamba kuchepa chaka ndi chaka, mpaka khonde linatengedwa ndi wogulitsa makala.

Masiku ano ntchito imene inatitengera Loweruka lathunthu imachitika ndi kabokosi kokwana m'chikhato, ungogula n'kulumikiza. Ana amaonera mtima wa munthu pa foni, wofiira bwinobwino, n'kutopa nawo usanagunde kakhumi. Ine ndinakaphunzira zamagetsi, ndipo ndimakonza ma TV ndi kuika masola kuno ku boma komwe. Anthu amati Misozi ali ndi manja abwino. Ndikawauza kuti ndinaphunzira kwa atate amaganiza kuti ndi ulemu chabe.

Mwezi wathawu mwana wanga anawatengera agogo ake kasipika kake komwe kanasiya kulira. Ndinawaona akukatembenuza m'manja, akukagwedeza pafupi ndi khutu, chala chawo chikupeza chokha pamene pali sikulu. Anati waya waduka kumbali ya batire, ndipo sanalakwitse. Ndinawaikira sikuludalaiva pamwendo. Anaiyang'ana kanthawi, kenako anandikankhira zonse ziwiri.

"Tsegula iwe, Nambewe. Ndiwe uli ndi pepala."

Ndinatsegula, poti mwana ankadikira. Koma ndinatuluka nako panja, kuti atate asaone nkhope yanga.