Laini ya ku Mulanje

Ndikukumbukira chaka chimene dzina langa silinatuluke pa mndandanda wa opita ku sekondale. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, tikukhala ku Zingwangwa, matipate itangoyamba kumene. Mayeso a Sitandade 8 ndinakhoza ndithu, koma malo sanandipatse. Ndinalongedza mabuku m'katoni, n'kuuza amayi kuti zobwereza kalasi ine toto, bola ndizikawathandiza kugulitsa kaunjika ku Limbe.

Amayi sanandikalipire. Loweruka m'mawa anangoti, "Eneless, samba, tikayende." Anavala siketi yabuluu ya nthawi imene ankagwira ntchito pa fakitale ina. Kumeneko anali opareta wa matelefoni zaka zambiri, mpaka mabwana atagula makina olumikiza okha n'kuwauza kuti akapume.

Tinayenda wapansi mpaka ku miziyamu. M'katimo munkanunkhira polishi ndi fumbi. Amayi anandidutsitsa mikondo ndi ng'oma osacheuka, n'kukaima pakona pamene panali chinthu chonga kabati yathabwa. Kutsogolo kwake kunali timabowo m'mizeremizere, pamwamba pa bowo lililonse pali kachitseko kakang'ono ngati chikhadabo. M'munsi munali zingwe ziwiriziwiri za mitu yamkuwa.

"Mayi, osagwira," anatero bambo woyang'anira malowo.

"Achimwene, chinthu ichi chinandilerera ana. Ndiloleni ndimuonetse mwanayu."

Bamboyo anaseka, n'kutisiya.

Chinthucho dzina lake swichibodi. Amayi anati bowo lililonse ndi telefoni ya munthu mmodzi. Munthuyo akapukusa chogwirira cha telefoni yake, kachitseko ka pabowo lake kamagwa kuti phwa. Opareta amatenga chingwe chakumbuyo n'kulowetsa m'bowomo, kukankha kabatani, n'kufunsa kuti mukufuna nambala yanji. Akamva, amatenga chinzake cha chingwecho n'kulowetsa m'bowo la wofunidwayo, kumuimbira belu, ndipo awiriwo akayambana opareta amatseka kabatani kake. Akamaliza amazula zonse ziwiri. Pofotokozapo manja awo ankangoyenda okha, maso ali pa ine.

Kenaka analoza mzere wa pamwamba penipeni. "Awa ndi malaini otuluka kunja. Apa ndi pamene ntchito inkavutira."

Anandiuza za tsiku lina la mvula yamphamvu. Bambo wina wa pafakitalepo, a Namakhwa, anakomoka pantchito, anthu n'kuthamangira nawo kuchipatala, ndipo adokotala anati aitanidwe akazi awo msanga. Akaziwo anali kumudzi ku Mulanje. Amayi anaimba ku ekisichenji ya m'tauni, kolumikizira matelefoni akutali, opareta wakumeneko n'kuyankha kuti laini ya ku Mulanje yaduka, mtengo wagwera mawaya. Abwana anati basi, tilembe kalata.

"Ine ndinati ayi. Ndinapempha Thyolo. Thyolo anali bize, ndinadikira. Atayankha anati nawonso Mulanje sakuimva. Ndinapempha Luchenza. Kunali phokoso ngati mukukazinga chimanga, koma mawu ankamveka. Ndinachonderera mtsikana wakumeneko kuti aganize bwino, pali aliyense wa telefoni kufupi ndi mudzi wa bamboyo? Anakumbukira esiteti ina ya tiyi. Kalaliki wa paesitetipo anakana kawiri. Kachitatu anatuma munthu pa njinga."

"Ndiye akaziwo anafika?" ndinafunsa.

"Anafika mawa lake, amuna awo akuyankhulabe. Anamwalira atatsanzikana." Amayi anabwezera chingwe pamalo pake pang'onopang'ono. "Ine tsiku limenelo nkhomaliro sindinadye, mkono unachita dzanzi. Iwe wayesa kangati?"

Tinatuluka panja. Panjira yonse yobwerera sanatchulenso za sukulu, ankangodandaula nsapato kuti zikuwathina.

Lolemba ndinamasula katoni ija. Ndinabwerera m'kalasi momwe tinkakhala pansi mothithikana, ana amene ndinkawaona ngati ang'onoang'ono akundinong'ona kuti agogo abwera. Ndinkadzuka kukawerenga kuseri kwa nyumba dzuwa likangotuluka, ndisanapite kumpopi. Masamu amene ankandigwetsa ndinkapita nawo kwa aphunzitsi a ku Soche, anzawo a amayi a kutchalitchi, Lachitatu lililonse, mvula kaya dzuwa.

Zotsatira zitatuluka, dzina langa panalibenso. Ndinalira, osanama. Koma ulendo uno ndinapukuta misozi n'kuyamba kufunsa ndekha, mpaka ndinamva za sukulu yoyendera ya masana, ya ife amene sitinasankhidwe. Tinkalowa anzathu akaweruka, mabuku obwerekana, aphunzitsi atatopa kale. Ndinatha zaka zinayi kumeneko, ndipo ndi khomo limenelo limene linandifikitsa ku unamwino.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti luso la amayi linali kuthamanga kwa manja awo pa zingwe zija. Lero ndikuzindikira kuti makina analanda manjawo okha. Chimene makina sakanatha ndi kuchonderera mtsikana wa ku Luchenza kuti aganizenso. Ku wodi kwathu akandiuza kuti magazi atha, ambulansi palibe, ndimamva, ndimathokoza, kenaka ndimafunsa kuti nanga wina amene tingamuyese ndani.